Penti Yofiira pa Manachesi a Kumtunda

Ntchito yokonza njira ya njinga inandipeza nditapuma kale pa ulangizi wa zaulimi, mawondo atayamba kulira ndikamadzuka pampando. Unyamata wanga wonse unathera pa chishalo, kukwera ndi kutsika mapiri a Neno ndi thumba la mapepala kumsana, ndipo tsiku limene ndinapuma ndinauza mkazi wanga kuti njinga ndizingoikwera popita kutchalitchi basi. Iye anangoseka. Ankadziwa kuti munthu wozolowera kuyenda sakhalitsa pakhonde.

Amene anabwera kudzandifuna anali mayi wina wachitsikana wa ku Blantyre, wogwira ntchito m'kabungwe kena kakang'ono. Anthu anamuuza kuti ngati akufuna munthu wodziwa tinjira tonse ta kuno, akafunse mdala uja wa njinga yakuda. Anakhala pampando wanga wabwino uja, n'kutulutsa foni yaikulu, n'kuyamba kufotokoza. Ankafuna njira yaitali ya njinga yochokera ku Luwani, kudzera ku Magaleta, kukwera mpaka ku Dambe, yolambalala msewu wa magalimoto. Akuti kuli anthu a m'tauni ndi ena akunja amene amakonda kupalasa njinga masiku atatu kapena anayi, kugona m'midzi, kugula nthochi ndi mazira kwa eni mudzi, n'kubwerera kwawo atasangalala.

"Kukwera ku Dambe pa njinga?" ndinafunsa. "Mwakufuna kwawo?"

"Eya bambo, amachita kukonda."

"Kodi alakwa chiyani anthu amenewa?"

Anaseka, koma ine sindinkaseka ayi. Chitunda cha ku Dambe ndinakankhapo njinga zaka zambirimbiri, ndipo palibe tsiku ngakhale limodzi limene ndinafika pamwamba ndikuyamika. Komabe ndinavomera. Mayiyo anali waulemu, ndipo kunena zoona zinandikomera kuti pali wina amene akufunabe nzeru zanga.

Njirayo anali atailemba kale pa mapu a m'foni yake, mzere wobiriwira wokongola zedi. Mzerewo unkawoloka makwawa opanda mlatho, unkadutsa pakati pa manda a mudzi wina, ndipo penapake unkakwera thanthwe limene ngakhale mbuzi imayamba yaima n'kuganiza kaye. Ntchito yanga inali yoti ndiyende pansi penipeni, ndipeze pamene tayala lingadutse, ndipemphe chilolezo kwa eni minda, kenaka ndiike zizindikiro kuti mlendo asasochere. Tinayamba mu Ogasiti, fumbi lili tolotolo. Masiku oyamba ankabwera nane, chisoti cha pulasitiki kumutu, botolo la madzi pa njinga, akujambula chilichonse, ngakhale nkhuku. Pofika sabata yachitatu ofesi inamuitana, ndipo ndinatsala ndekha ndi njinga yanga ndi kabuku.

Kupalasa sikunanditopetse kwenikweni. Chimene chinandikwana chinali kufotokoza. Mudzi uliwonse ndinkayenera kutsika, kuyedzamiritsa njinga pamtengo, kupereka moni, kufunsa za odwala, kenaka kuyamba nkhani imodzimodzi ija: kuti kudzabwera alendo pa njinga, kuti sadzaponda mbewu, kuti sakugula malo a munthu, kuti si achipani, si atchalitchi chatsopano, safuna miyala ya pansi. Wina akamvetsa, mlamu wake ankatulukira kuchokera kudimba, ndiye ndiyambirenso pachiyambi. Kumunsi kwa Luwani kunkatentha moti malovu ankauma ndisanafike pakati pa nkhani. Nthawi zina ndinkadzimva ndekha ndikulankhula, mawu akungotuluka, mutu uli kwina.

Ndiye panali misonkhano. Aaa, misonkhano ija! Mwezi uliwonse mayi uja ankabwera ndi anzake awiri, tinkakhala m'chipinda cha pa boma kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kukangana ngati njirayo ikhale ndi dzina la Chichewa kapena la Chizungu, ngati chizindikiro chikhale muvi kapena kadontho. Ine ndikati, "Akuluakulu, khwawa la kuseri kwa Magaleta likadzaza munthu sawoloka," ankalemba m'makope awo n'kunena kuti mfundo yabwino kwambiri, kenaka n'kubwerera ku nkhani ya kadontho. Pamapeto anagwirizana za muvi, wa penti yobiriwira, pa miyala ndi pa mitengo.

Penti yobiriwirayo sinabwere. Galimoto yochokera ku Blantyre inaiwala kawiri konse, ndipo mayi uja anandiimbira kuti nthawi ikutha, ndingogula iliyonse imene ndingapeze kuno. Ndinapita kwa wagolosale wina Msilamu wa pa malo a malonda, munthu amene ndinagulako machubu ndi masipoko kuyambira kalekale. Anali ndi penti yamtundu umodzi wokha, yofiira ija timapaka mafelemu a mawindo kuti asachite dzimbiri.

"Yofiira, achimwene?" anatero akupukuta fumbi pa chitini. "Mukapake pa mitengo ya anthu?"

"Penti ndi penti," ndinayankha.

"Inuyo ndinu wamkulu, mukudziwa kuti kuno yofiira imalankhula."

Ndinkadziwa. Aliyense wa ku Neno amadziwa. Anthu oyeza misewu akabwera amapaka penti yofiira pa mitengo, pa miyala ndi pa zipupa za nyumba zimene zili m'njira, ndipo kwa ife amene takhala tikulira msewu wabwino kuyambira tili ana, chizindikiro chimenecho sitichiwerenga mwanjira ina. Koma tsiku limenelo ndinali nditayenda ulendo wautali, msana ukuwawa, ndipo maganizo odikiranso mwezi wina anandifoola. Ndinati ndizifotokoza paliponse pamene ndapaka. Ndinamangirira zitini ziwiri pa kaliyala n'kumapita.

Kumunsi zinayenda bwino, chifukwa anthu anali atandimva kale kambirimbiri. Ndinafika kumtunda chakumapeto kwa Seputembala, manja ali psuu, buluku langa lantchito litathimbirira. Munthu usanafike ku Dambe pali kamudzi kena kokhala m'mbali mwa phiri, kumene msewu wa magalimoto umadutsa kutali, tsidya lina la chigwa. Kanjira kolowa m'mudzimo n'kopapatiza, ndipo pamalo ena kamadutsa pakati pa mizere iwiri ya manachesi, mitengo khumi ndi iwiri, isanu ndi umodzi mbali iyi, isanu ndi umodzi mbali inayo. Nthambi zake zinkakumana pamwamba. Inali itayamba maluwa, njuchi zili ng'waa, ndipo nditalowa mumthunzimo ndinaganiza kuti alendo aja, kaya ndi amisala, pano pokha adzaima n'kuyamika. Ndinapaka muvi pa mtengo woyamba ndi pa wotsiriza, ndisanaone mwini wake. Apa ndiye ndinaphonya mwambo wanga womwe, chifukwa kwina konse ndinkayamba ndapempha.

Mwini wake anatulukira ndikutsuka bulashi. Anali bambo wachikulire kuposa ine, wamfupi, wa jekete long'ambika pachigongono. Anandizindikira msanga.

"Alangizi! Muli moyo?"

"Ndilipo bambo, kaya inu muli bwanji?"

Sanayankhe bwino moniwo. Maso ake anali pa muvi uja. Anauyandikira, n'kuukhudza ndi chala, n'kuyang'ana chalacho, ndipo nkhope yake inawala moti ndinachita mantha.

"Ha! Msewu wafika eti," anatero chapansipansi. "Mayi! Tabwerani mudzaone!"

Mkazi wake anatuluka pang'onopang'ono, akugwira chipupa, miyendo itatupa mpaka m'mawondo. Tinakhala pamphasa ndipo ndinayamba nkhani yanga ija. Ndinafotokoza zonse, mosabisa: kuti si msewu, kuti ndi kanjira ka njinga zokha, kuti palibe katapila wolambula msewu amene akubwera, kuti alendo adzangodutsa n'kugula manachesi ngati ili nyengo yake. Mkuluyo ankamvetsera akugwedeza mutu, akumwetulira ngati mmene timamvera mwana akamanama bodza loonekeratu.

"Alangizi," anatero nditamaliza, "ine si mwana. Munthu achoke ku Blantyre, asiye galimoto yake, adzakwere phiri ili pa njinga, popanda katundu, popanda maliro, popanda wodwala? Inunso mukukhulupirira zimenezo?"

Inenso mumtima sindinkazikhulupirira kwenikweni.

"Ndikudziwa mmene zimakhalira," anapitiriza. "Amakuuzani kuti musaulule msanga, kuopa kuti anthu angayambe kuvuta. Musadandaule, ine sindivuta. Anthu a mudzi wina kuseri kwa phirili anavuta, anakaniza mitengo yawo ya mango, msewu unawalambalala, lero akulira. Ine ayi. Mayiwa mwezi uliwonse timawanyamula pa machira kupita nawo kuchipatala ku Dambe, amuna anayi, ndipo masiku ano anthu akandiona ndikubwera amalowa m'nyumba. Galimoto itafika pakhomo pano, mitengo ndi chiyani? Ndikangomaliza kupanga mizere kumunda, mvula isanagwe, ndigwetsa ndekha yonseyi. Akadzabwera adzapeze poyera, asadzapeze chifukwa chokhotera kwina."

"Bambo, musadule chilichonse. Ndakuuzani kuti si msewu."

"Eya, mwanena. Ntchito yanu mwaigwira." Anatembenukira kwa mkazi wake n'kutsinzina diso limodzi.

Ndinafotokozanso kachiwiri. Kachitatu ndinakweza mawu. Iye ankangoseka, n'kutuma mayi aja kuti andipatse mbatatesi zophika. Dzuwa linali litapendeka, ndinali ndi chigwa choti nditsike ndi phiri lina loti ndikwere, ndipo m'kamwa mwanga munali mutatheratu mawu. Miyezi iwiri yathunthu ndikulankhula chinthu chimodzi! Ndiye pamene anandiperekeza n'kundigwira dzanja, n'kunena kuti, "Ingondiuzani chimodzi, udzafika pano eti?" ine ndinangoti, "Basi bambo, tiona mmene zikhalire." Ndinanena kuti andisiye ndipite. Iye anamva kuti ndavomera, ndipo ndinaona ndithu kuti wamva choncho, koma ndinakwera njinga.

Manachesi aja ndiwo anali chilichonse cha banja limenelo. Munda wawo wa chimanga unali kachigamba ka pa phiri, kosakwanira chaka. Zipatso zikapsa, ogula ankabwera ndi madengu, ndipo m'menemo ndi mmene munkachokera sopo, mchere, fetereza ndi zonse. Ndinkadziwa zimenezi bwino lomwe, ine mlangizi. Ndinkadziwanso kuti munthu wa msinkhu wake akadula nachesi sadzadyanso chipatso cha mtengo wina wobzala yekha.

Nditafika kunyumba ndinamuuza mkazi wanga. Anasiya kusankha nyemba n'kundiyang'ana.

"Ndiye mwamusiya choncho?"

"Ndibwererako sabata yamawa. Mizere sanayambe n'komwe."

"Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Inu mwasiya mlomo kumeneko."

"Ndamva mayi, ndamva. Ndisiyeni ndipume."

Ndinaimbira mayi wa ku Blantyre uja. Anadandaula kwambiri, ndipo ndikhulupirira kuti zinamukhudzadi. Anati penti yobiriwira ibwera ndithu ulendo uno, ndipo ndikafufute mivi yonse yofiira n'kupaka yatsopano, kuyambira ku Luwani. Ndinati bwanji ndiyambire kumtunda, kumene kuli vuto. Anati alendo oyamba oyesa njirayo adzayambira kumunsi, ndiye kumunsi kukhale kokonzeka kaye, ndipo kwa mkulu uja tidzapita limodzi iye akabwera, kuti akamve kuchokera kwa mwini ntchito. Zinandikomera m'khutu, chifukwa zinkatanthauza kuti sindikwera phiri lija sabata imeneyo. Sindinalimbikire.

Mayiyo sanabwere sabata imeneyo, kapena yotsatira. Ine ndinali kumunsi, kupala penti yofiira pa miyala ndi chitsulo, dzuwa la Okutobala likundiwotcha pakhosi, ndikufotokozera anthu omwe aja chifukwa chimene muvi wasinthira mtundu. Kenaka bondo lamanzere linatupa, ndinagona masiku asanu. Nditangodzuka kunagwa maliro a mlamu wanga ku Magaleta, ndipo kumeneko munthu suchoka mwamsanga. Mkulu wa manachesi analibe foni. Ndinatuma uthenga kudzera kwa wakabaza wina amene ankanyamula mbatatesi kuchokera kumtundako, kuti akamuuze kuti alangizi akuti musakhudze mtengo ngakhale umodzi mpaka abwere. Patapita masiku anayi wakabazayo anandipeza pamsika.

"Ndinawauza, madala."

"Anati chiyani?"

"Anati mukawauze alangizi asade nkhawa, chinsinsi chawo ndachisunga."

Ndinatukwana pamsika pomwepo, ine mkulu wa mpingo, amayi ogulitsa tomato mpaka kutembenuka. Ndinakwiyira mkuluyo chifukwa cha kuuma mutu kwake, ndinakwiyira mayi wa ku Blantyre, ndinakwiyira wagolosale chifukwa chosunga penti yamtundu umodzi. Mkazi wanga anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati, "Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mawa mudzuke mupite." Ndinati mawa kuli msonkhano wa pa boma, ndipo unalikodi. Tinakhala tsiku lonse kukambirana za chithunzi choika pa kapepala koitanira alendo. Chithunzi chimene anasankha chinali cha kanjira ka pakati pa manachesi kaja, chimene ndinajambula ndekha ndi foni imene anandibwereka a ku ofesi.

Ndinanyamuka tsiku lotsatira, m'mawa, mitambo itayamba kusonkhana chakumadzulo. M'minda monse mizere inali itatha, anthu akungodikira mvula, ndipo munda uliwonse wokonzeka umene ndinkaudutsa unkandikumbutsa mawu a mkulu uja. Bondo linakana kupalasa pa chitunda choyamba chomwe. Ndinatsika n'kuyamba kukankha, chitini cha penti yobiriwira chikugogoda pa kaliyala. Ndinapuma kanayi kapena kasanu. Penapake ndinakhala pa mwala nthawi yaitali, osati chifukwa cha bondo lokha, koma chifukwa ndinkaopa kufika.

Nkhwangwa ndinaimva ndisanaone mudzi. Kumapiri kuno phokoso limayenda kutali, ndipo ndinayesa kudzinamiza kuti ndi wina akuwaza nkhuni. Nditakhota pa thanthwe lomaliza ndinaona kuwala pamalo pamene panali mthunzi. Mzere wonse wa kumanja unali pansi. Wa kumanzere inatsala itatu, ndipo mkulu uja anali pa wachinayi, atavula jekete, thukuta lili chuchuchu, mtengowo atautema kale kupitirira theka. Nthambi anali ataziunjika bwinobwino m'mbali. Pa nthambizo panali tizipatso tating'onoting'ono tobiriwira, tambirimbiri, tina titayoyokera m'fumbi.

Ndinagwetsa njinga n'kufuula kuti, "Bambo, siyani! Siyani!"

Anatembenuka akumwetulira, akupuma mwawefuwefu. "Alangizi! Mwafika bwino. Taonani, lole ikhoza kudutsa apa eti? Ndayeza ndi mapazi."

Ndinamulanda nkhwangwa m'manja. Sindinachitepo zotere kwa munthu wamkulu chibadwire, ndipo iye anadabwa moti anangoisiya. Ndinaiponya kutali, n'kupita pa njinga, n'kumasula chitini chija. Ndinatsegula, n'kuviika bulashi, n'kupita pa mtengo woyamba wa kumanzere, umene unali ndi muvi wofiira uja, n'kupaka yobiriwira pamwamba pake iye akuona. Kenaka ndinatulutsa kapepala koyeserera kamene anatigawira ku msonkhano, kokhala ndi zithunzi za anthu a zisoti pa njinga, n'kumuika m'manja.

"Bambo, ndiyang'aneni. Kulibe msewu. Kulibe katapila, kulibe lole, kulibe chinsinsi. Penti yofiira ndinagula chifukwa yobiriwira kunalibe m'golosale, basi. Tsiku lija ndinati tiona chifukwa ndinatopa, ndinkafuna kupita kunyumba. Ndinakunamizani ndine. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu, msewu sukubwera pano."

Anayang'ana kapepalako nthawi yaitali. Anakatembenuza kuseri, kumene kunalibe kanthu, n'kukatembenuzanso. Anayang'ana muvi wobiriwira uja, penti ikuyenderera pa khungwa. Kumwetulira kuja sikunachoke nthawi imodzi, kunkazilala pang'onopang'ono, ndipo ndikanakonda akanandimenya.

"Njinga basi?" anafunsa.

"Njinga basi, bambo."

Mkazi wake anali atafika pa khomo la mpanda, atatsamira mtengo wa chitseko. Anamva zonse. Sanandiyang'ane ine, anayang'ana mwamuna wake.

"Ndinakuuzani kuti dikirani muone galimoto kaye," anatero mosakweza mawu. "Munati mukuchitira ine."

Mkuluyo anakhala pa thunthu limodzi la mitengo yogwetsedwayo, manja ali pa mawondo. Inenso ndinakhala, chapatali pang'ono, pa dothi. Ndinapepesa, ndipo mawu anga anamveka opepuka moti ndinachita nawo manyazi. Ndinayamba kunena kuti ndikalankhula ndi a ku ofesi, mwina angathandize ndi mbande zatsopano, koma ananyamula dzanja kuti ndisiye, ndipo ndinasiya. Mbande imatenga zaka kuti ibereke, ndipo tonse awiri tinkadziwa msinkhu wake.

Tinakhala choncho mpaka mphepo ya mvula inayamba kuwomba. Mtengo wotemedwa theka uja unkalira mphepo ikaukankha, ndipo tonse tinkauyang'ana, podziwa kuti sungapulumuke. Kenaka mkuluyo anadzuka, n'kupita pa chitsa chimene chinali pafupi, n'kugwada. Anali atadula mwaukhondo, pansi penipeni, pafupifupi kulingana ndi dothi, kuti tayala la galimoto lisadzagunde. Anasisita pamwamba pa chitsacho ndi chikhatho.

"Alangizi," anatero osandiyang'ana, "inu munaphunzira za mitengo. Mvula ikagwa, zitsa izi ziphuka?"

Ndinapita kukagwada pambali pake. Manachesi athu kuno ndi omezanitsa: kumunsi kumakhala tsinde la ndimu, lolimba ku matenda, ndipo nachesi amalumikizidwa pamwamba pake, kamtunda pang'ono kuchoka pa dothi. Ukadula pamwamba pa mfundo yolumikizirayo, nachesi amaphukanso. Ndinafufuza mfundoyo ndi zala pa chitsa choyamba, sindinaipeze. Ndinaipeza pa thunthu limene linali pansi. Ndinayenda chokwawa, bondo likuwawa, chitsa ndi chitsa, zonse zisanu ndi zitatu, iye akunditsatira ndi maso. Paliponse anadula kumunsi kwa mfundo.

"Ziphuka, bambo," ndinatero. "Koma adzakhala mandimu."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anadzuka, n'kukatola nkhwangwa yake kumene ndinaiponya, n'kuima pa mtengo wotemedwa theka uja.

"Ndiye ndionetseni podula uwu," anatero.

Ndinaika chala changa pamwamba pa mfundo, ndipo anayamba kutema pamenepo, madontho oyamba a mvula akugwa.